Msoti Wathera pa Kanyenya

Lachiwiri ndinapalasa njinga kupita kwa alamu anga, a Jafali, kukaona msoti wa mbuzi umene ndinawapatsa kuti ayambire khola. Ndinapeza chikopa chake atachikhomera pansi padzuwa, ntchentche zili ng'waa.

“Alamu, mbuzi ija ili kuti?”

“Aa, imachedwa kubereka, alamu. Ndinaizinga, nyama ndakagulitsa kwa ootcha kanyenya ku estasau ya sitima ku Entre Lagos.”

Kuchedwa! Mbuzi ya miyezi isanu ndi iwiri!

Ndinakana ngakhale madzi akumwa, n'kutembenuza njinga.

Mundimvetse, abale. Nkhondo itatha tinabwera kuchokera ku Malawi komwe tinathawira, n'kupeza mudzi uli zii, wopanda ngakhale tambala wolira. Ziweto zonse anadya ndi a mfuti. Ine ndinabwera ndi kamwana ka mbuzi kamodzi m'dengu, ndipo ndiko kanabala make wa msoti umenewu.

Msotiwo unabadwa ine ndikuona. Make anaunyambita, ola lisanathe unaimirira, miyendo ili gwedegwede, ukufunafuna bere. Patapita masabata awiri unayamba kubudula timasamba. Pa miyezi itatu unaleka kuyamwa, tinyanga titatuluka. Ndinaubisa kwa afisi, ndinauchotsa nkhupakupa ndi zala zangazi. Kunangotsala miyezi yochepa kuti ukhwime, ukumane ndi tonde. Kenako miyezi isanu ya bere, basi, khola layamba.

Zonsezo zathera pa makala, zadyedwa ndi tsabola.

Ndipo si a Jafali okha. Pitani pa merikado ya ku Insaca mukaone nkhuku zimene tikugulitsa: misoti yoti sinaikirepo dzira. Pitani ku nyanja ya Chiuta mukaone tiana ta nsomba tayanikidwa pathandala, tating'ono ngati mpunga, togwidwa ndi ukonde wa udzudzu. Mawa tomwefe tidzati nyanja yatikana, mwina wina watilodza.

Ndikudziwa, kuthawa kunatiphunzitsa kudya lero, poti za mawa sitinkazidziwa. Amene ankasunga mbuzi ankasungira wolanda. Komatu mfuti zinaleka kulira. Palibenso wotithamangitsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ife chaka chimodzi chokha chikutikanika.

Dzulo a Jafali anatumiza uthenga: ndiwapatseko msoti wina, ulendo uno ausamala. Mlongo wanga, yemwe ndi mkazi wawo, akundidandaulira kuti ana alibe poyambira.

M'khola mwanga mwatsala msoti umodzi. Inu mukanakhala ine, mukanamasula chingwe?