Kodi wa m'kabini si wa m'nyumba?

Kwathu mamalikisi timawalemekeza. Atate anga anali kalaliki pa mgodi, ndipo mwana akabwera ndi lipoti labwino, nkhuku inkafa tsiku lomwelo. Ndiye Lachiwiri lapitali, nesi wa pa kiliniki kuno ku Kabushi atanena kuti mwana wanga Tamanda akukwera mamalikisi, ine ndinakhala tsonga, kumwetulira mpaka m'makutu. Zaka zinayi zokha, wayamba kale!

Nesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo, mayeso awa mwayi ndi kulephera."

Anandifotokozera. Mwana wamng'ono satha kulavula makhololo oti akawayeze ngati ali ndi TB, amangomeza. Choncho a chipatala ali ndi pepala la mafunso, yankho lililonse ndi mamalikisi ake. Chifuwa chadutsa milungu iwiri? Sikelo ikubwerera m'mbuyo? Thupi likutentha, wasiya kusewera? Akawonkhetsa n'kudutsa mzere, mwana amayamba mankhwala. Tamanda anali atatsala pang'ono kufika pa mzerewo.

"M'nyumba mwanu muli wamkulu amene akudwala TB?" anafunsa nesi.

"Awe mukwai, iyayi, mulibe," ndinayankha msangamsanga.

Sindinaname, eti? Achimwene anga, amene anapuma ntchito ya pa mgodi ku Kitwe, sagona m'nyumba. Amagona m'kabini, kachipinda kathu ka kuseri. Nesi anati m'nyumba, sanati pabwalo ponse. Ndiponso matenda a achimwene tinagwirizana kuti asamveke, ngakhale ku tchalitchi.

Tamanda, ali pamwendo panga, anatulutsa chala m'kamwa. "Atate aakulu amamwa mapilisi ofiira. Ine ndimawagwirira kapu."

Mayo ine! Manyazi ake, ndinalakalaka kulowa pansi pa benchi. Nesi sanandikalipire. Anangoseka, n'kulemba, n'kunena kuti, "Mwana uyu ndiye mboni yabwino m'banja mwanu." Mamalikisi anadutsa mzere, adokotala anamupima, ndipo tinatuluka ndi mankhwala. Tsopano m'mawa uliwonse Tamanda ndi atate ake aakulu amamwera limodzi mankhwala, wina kuyang'anira mnzake, ndipo wovuta ndi wamkuluyo.

Koma ndakhala ndikuganiza. Ife Anyanja a kuno tili ndi luso loyankha funso popanda kuliyankha. Munthu akutsokomola mpaka misozi, ukamupatsa moni, "Tili bwino, kaya inu." Pa ukwati timawerenga abale mpaka a ku Chipata, koma pa matenda banja limachepa, limatsala la anthu atatu. Akuluakulu amati ukabisa matenda, maliro adzaulula.

Pepala lija lilibe maso. Silingasuzumire kuseri kwa nyumba yanu, limangowonkhetsa zimene mwanena. Tamanda akanapanda kutulutsa chala chija m'kamwa, ndikanabwerera naye kunyumba ndi mankhwala a chimfine, ndikunyadira kuti ndasunga ulemu wa banja.

Nanga inu, mwana wanu akadzakhala wamanyazi, adzakuululirani ndani?