Nkhokwe ya M'chipululu

Chisanu cha chaka chimenecho chinatitopetsa. Amuna anga anali nesi pachipatala china mu Leicester, ine ndinkasamalira okalamba ku Oadby, ndipo mashifiti athu ankangophonyana: iwo akulowa pakhomo, ine ndikuvala jekete. Tsiku lina anangondiuza kuti abukitsa holide ya ku Morocco, ya awirife basi. Mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba yunivesite, anatiseka kuti anthu obadwira padzuwa tikukagula dzuwa.

Mumzinda waukulu sitinakhalitsemo. Amuna anga ankakonda zinthu zakale. Ngakhale mu Leicester momwemo ankatha kuima pakhoma lakale la Aroma mpaka ine miyendo kuwawa. Choncho tinakwera basi, kudutsa mapiri, n'kutsikira mbali imene udzu sumera.

Katauni kamene tinafikako kanali kofiira konse, nyumba ndi nthaka mtundu umodzi. Kumsewu kunali timasitolo ndi malo omwera tiyi. Kuseri kwake ndiye kunali tauni yakale ya makoma adothi ataliatali, imene eni ake anasamukamo kalekale. Mtsinje unangotsala dzina, mchenga wokhawokha, ndi mitengo ya kanjedza yofota m'mbali mwake.

Wotionetsa malo anali bambo wachikulire wa diso limodzi loyera, makiyi ali pachingwe m'khosi. Chizungu chake chinali chongogwiragwira. Anayamba kutionetsa mzikiti wa nsanja yopendekeka, pamwamba pake pali chisa chachikulu chopanda mbalame. Kenako chipata cha tauni, chimene kale ankatseka dzuwa likalowa poopa achifwamba. Pachitsime chakale anandipatsa mwala kuti ndiponyemo. Tinasuzumira tonse atatu, kudikira. Sitinamve kanthu.

Pamenepo amuna anga anafuna kunena zinazake. Analoza chitsimecho nati, “Mayi, ujeni uyu, ujeni uyu...” Mawu akuti chitsime anawasowa. Anaseka, n'kudzigwira pachipumi. Ine ndinati ndi dzuwa, ndinawapatsa madzi.

Malo omaliza anali nkhokwe ya tauni yonse, pamwamba pa kaphiri. Si nkhokwe ngati zakwathu. Inali nyumba yaikulu ngati linga, ya khomo limodzi. Mkati munali kanjira kopapatiza, uku ndi uku timazitseko tamatabwa, tina pamwamba pa tinzake. Bambo uja anafotokoza kuti banja lililonse linali ndi kachipinda kake kosungiramo tirigu, kuti nkhondo kapena chilala zikabwera anthu asafe. Munali mdima, mozizira, mukununkha fumbi ndi mbuzi. Mphepo ikadutsa, timazitseko tina tinkalira tokha.

Ndinatsalira pang'ono, ndikukutumula mchenga m'nsapato. Nditaweramuka, amuna anga anali kutsogolo, akutsegula kachitseko kamodzi, kusuzumira, kutseka, kupita pa kena. Ankachita mofulumira, mwa ntchito, osati ngati mlendo woona malo.

“Bambo, mukufuna chiyani?”

Anatembenuka. Nkhope inali yawo yomwe ija, koma maso anandidutsa ngati ndine munthu wapabasi.

“Sisita,” anatero mwaulemu, “odwala a mu wodi muno mwawapititsa kuti? Mabedi onse ali opanda anthu.”

Ndinaganiza kuti akuseka. Anali munthu wa nthabwala. Ndinadikira kuti aphulike kuseka, koma anapitiriza kutsegula zitseko, dzanja lamanja likuphonyaphonya chotsegulira. Wotionetsa malo uja anandiyang'ana ndi diso lake labwinolo, n'kuyamba kunong'ona pemphero m'chinenero chake.

Ntchito yanga inandiphunzitsa kuti munthu wosokonezeka sutsutsana naye. Ndinawagwira mkono monga ndimagwirira nkhalamba za ku Oadby.

“Odwala apita kukajambulidwa ku ekisire,” ndinatero. “Tiyeni tikawachingamire panja.”

Ananditsatira ngati mwana. Mawu amene ndinkalankhula nawo anali a kuntchito, ofewa, osathamanga. Kumva mawu amenewo akutuluka pakamwa panga kupita kwa mwamuna wanga, misozi inayamba kutsika.

Panja, dzuwa litawamenya kumaso, anaphethira kangapo. Anayang'ana mchenga wofika kumene maso alekezera, kenako ine.

“Mayi, bwanji mukulira?”

Za m'nkhokwe sanakumbuke chilichonse. Ankalimbikira kuti sitinalowemo, tinapeza potseka. Nditawafotokozera, anakwiya, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anati nesi ndi iwo, ndipo kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zimachita zimenezo. Bambo uja anatiperekeza mpaka kumsewu. Potsanzikana sanagwire dzanja la amuna anga lokha, anawagwiranso pamutu, nthawi yaitali ndithu.

Titabwerera ku Leicester ndinawakakamiza za kwa dokotala. Ankangoti mawa, ndili pa shifiti, mawa. Ine ndinayamba kuwazonda m'nyumba mwathu momwe. Akaima pakhomo la khitchini osalankhula, ndinkasiya zimene ndikuchita n'kuwayang'anitsitsa. Tsiku lina ndinapeza ketulo mu firiji. Mwana wathu atabwera pa wikendi anandifunsa m'Chizungu chake chija chifukwa chake adadi akumuyang'ana nthawi yaitali asanamuyankhe.

Loweruka lina masana anapita ku Spinney Hill kukagula nyama ya mbuzi kubutchala kumene tinkagula zaka zonse. Foni yanga inalira, nambala yawo, koma mawu a munthu wina. Anali mwini butchala. Anati mwamuna wanu waima panja pano ndi jumbo ya nyama, akufunsa anthu njira ya kwathu ku Zingwangwa.

Ndinapeza mwini butchala atawakhazika pampando pakati pa mafiriji, atawapatsa tiyi. Ulendo uno sanatsutse za kwa dokotala. Ali m'galimoto anati, motsitsa mawu, “Mayi, ndikudziwa chimene chili m'mutu muno. Ndakhala ndikuchiona mwa anthu ena.”

Atawaunika m'mutu, sikani inaonetsa chotupa mu ubongo. Opaleshoni anakachitira ku Nottingham, ndipo anadzuka akundidziwa, akudziwa mwana wathu, akudandaula za chakudya cha m'chipatala. Kuntchito sanabwererenso, dzanja lamanja linakhala lofooka. Madokotala anatiuza mosabisa kuti chotupacho sanachichotse chonse, mbali ina inali pamalo posafika mpeni, ndiye tizipita kukaunikitsa nthawi ndi nthawi.

Ndinasiya mashifiti aatali. Masana timakhala pawindo, iwo akuwerenga pang'onopang'ono, ine ndikusita mayunifomu. Akakhala chete mopitirira, ndimaimitsa simbi n'kuwayang'ana kumaso. Amadziwa chimene ndikufuna kuona.

“Ndilipo, mayi,” amatero, osakweza mutu. Masiku ena yankholo limachedwa.