Lamulo la m'buku linandilanda abambo anga

Inu owerenga, pali anthu amene ndikawaona akubwera kutsogolo kwanga ndimawoloka msewu, ndipo sindibisa, ndimadana nawo mpaka lero. Koma ndisanayambe kuwanena, ndiyambe ndadzinena ndekha. Ndine amene ndinatenga abambo anga ondibereka n'kukawakhazika pampando pamaso pa anthu amenewo. Palibe anandikakamiza. Ndinachita kuwaitana ndekha, ndikunyadira.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atangoyamba kufalikira m'midzi ya kwathu. Ine ndinkagwira ntchito paboma pa Mchinji, ku kabungwe kena kothandiza alimi. Ntchito yanga inali yokonza zinthu kuti munthu wamba azizigwiritsa ntchito osavutika, monga timapepala ta zithunzi ndi zikwangwani. Chaka chimenecho tinkakonza njira yoti mlimi azidziwira mitengo ya mbewu pafoni. Ukaimba nambala ina, pafoni pankabwera mawu olembedwa akuti dinani wani pa mtedza, thu pa chimanga, firii pa soya. Mawu amenewo ndinkasanja ndine. Anthu a ntchito ngati yangayi tinalipo ochepa paboma, ndipo tinkadzitcha madizayina, uku tikutukumula zifuwa.

Loweruka lililonse masana tinkakumana kuseri kwa shopu ya fotokope n'kumawerenga mabuku a ntchito yathu. Anayambitsa gululi anali Lameki, mkulu wanga kuntchito, mwamuna wapakamwa amene sankatha chiganizo osatchula Lilongwe. Panalinso mkulu wina wolemba zikwangwani za kumalire ndi atsikana awiri okonza timapepala ta zaumoyo. Buku linkapezeka limodzi, ndiye tinkalichita fotokope gawo ndi gawo, aliyense n'kukawerenga kwake, Loweruka n'kudzakangana. Ndisaname, poyamba zinkandikomera. Ndinkatuluka mmenemo ndikudziona ngati shasha.

Sabata ina tinafika pa gawo lonena za kuyesa chinthu chimene wakonza. Bukulo linkati umupatse munthu weniweni chinthucho, iwe ukhale pambali, uzingoyang'ana. Akasokonezeka usamuthandize, akafunsa usamuyankhe, chifukwa akakakhala yekha kumudzi kwake iwe sukakhalako. Lameki analikonda lamuloli ngati walemba ndi iye. Anati Loweruka lotsatira tisamangowerenga, tibweretse mlimi weniweni wa kumudzi tidzayesere foni yathu ija. Ine, kufuna kutamidwa, ndinadumphira nkhaniyo anthu asanapume n'komwe. Ndinati ndibweretsa abambo anga.

Ndikuuzeni za abambo anga. Anali wapampando wa kalabu ya alimi a mtedza kwathu kwa Chiosya, munthu woti akaimirira pamsonkhano anthu ankangoti zii. Sankatuluka opanda jekete ndi cholembera pathumba. Kutchalitchi ankatsegula buku la nyimbo n'kuimba osaphonya liwu. Zolengeza za kalabu ankazinena bwinobwino pepala lili m'manja. Chimene ine mwana wawo sindinkadziwa n'chakuti abambo anga sankatha kuwerenga ngakhale dzina lawo. Amayi ndiwo ankawawerengera zonse kuchipinda, iwo n'kuloweza pamtima. Zizindikiro zinalipo, chifukwa lipoti langa la kusukulu ankangoliyang'ana pang'ono n'kupatsira amayi, amvekere maso akuvuta. Ine mutu unali kumabuku, sindinafunsepo.

Nditapita kumudzi sindinawauze kuti akayesedwa. Ndinangoti anzanga akuntchito akufuna nzeru zawo monga mtsogoleri wa alimi. Nkhope yawo inawala. Loweruka lija anakwera matola m'mamawa atavala jekete ya kutchalitchi, atanyamula kathumba ka mtedza wokazinga koti apatse anzake a mwana wawo.

Tinawakhazika pampando pakati, ife titawazungulira. Lameki anaika kamera ya kuofesi patebulo, akuti kanemayo ndi wophunzirira ife tokha. Kenako anawapatsa foni.

"Bambo, tipezereni mtengo wa mtedza. Muziyankhula mokweza zonse zimene mukuganiza."

Abambo anaigwira foni ija ndi manja awiri. Anaitalikitsa, n'kuibweretsa pafupi, n'kuitalikitsanso. Anati timalembato tachepa, maso awo sakuona. Lameki anavula magalasi ake n'kuwapatsa. Anawavala. M'chipinda muja munkangomveka makoko a mtedza wawo womwe uja anthu akuswa. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwawo mpaka kunyowetsa kolala. Anadina batani lina, pafoni panabwera zina. Anadinanso, zonse zinafufutika. Ndipamene anatembenukira kwa ine.

"Mwanangu, apa akuti chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, Lameki anangoimika chala. Inu owerenga, chala chokha! Sanandigwire, sanandiopseze. Ine ndinatseka pakamwa n'kuzyolika, maso pa fotokope imene inali pamiyendo panga. Ndinkamva m'thupi kuti abambo akundiyang'anabe, akudikira, koma sindinadzutse mutu. Mumtima ndinkadziuza kuti ndikutsata lamulo la ntchito, kuti ndikayankha anzanga andiona ngati wosaphunzira. Kalanga ine, ndinaopa kunyozedwa ndi anthu anayi kuposa kutaya abambo anga.

Mkulu wa zikwangwani uja ananong'ona, koma mokweza moti aliyense anamva, kuti madalawa sawerenga. Mtsikana mmodzi anaseka n'kudzitseka pakamwa ndi dzanja. Lameki, m'malo mothimitsa kamera, anawerama n'kuwafunsa ndi ulemu wachinyengo kuti sukulu analekezera sitandade chani. Abambo anaika foni patebulo pang'onopang'ono, anavula magalasi n'kubwezera mwini wake, anathokoza onse, n'kutuluka. Ndinawatsatira mpaka pasiteji. Pokwera galimoto sanacheuke. Nditabwerera ndinapeza anthu aja akusangalala, ati lero ndiye taphunzira zenizeni, kuposa masabata onse a kuwerenga.

Lolemba ndinamupempha Lameki kuti afufute kanema uja. Anati ndisadandaule, afufuta, ndi nkhani yaing'ono. Ine chitsiru ndinakhulupirira.

Patapita milungu ingapo bungwe lathu linaitanitsa atsogoleri a makalabu a alimi ku msonkhano paboma. Anabwera a kwa Kapondo, a ku Kachebere, a kwathu kwa Chiosya, pamodzi ndi alendo otithandiza ochokera ku Lilongwe. Abambo sanabwere, anatumiza wachiwiri wawo, munthu amene ankaulakalaka mpando uja kuyambira kalekale. Lameki anaimirira kufotokoza kuti uthenga wolembedwa sukuthandiza, pakufunika woti mlimi azichita kumva ndi khutu. Mfundoyo inali yabwino, sindikana. Koma pofuna kuti alendo aja agome naye, anayatsa pulojekita.

Ndinangoona nkhope ya abambo anga yadzaza khoma lonse, atavala magalasi a eni, thukuta lili kamukamu. Mawu awo anamveka holo yonse akundifunsa kuti apa akuti chiyani. Ndinadziona ndekha pakhomapo, nditazyolika ngati wakuba. Anthu anaphulika chiseko. Wina kumbuyo anafuula kuti amenewo si a tcheyamani a kwa Chiosya? Ndinadumpha mipando n'kukazula chingwe kukhoma, koma madzi anali atatayika kale. Wachiwiri uja anali atapinda manja, akumwetulira.

Loweruka lotsatira ndinapita kuseri kwa shopu kuja, osati kukawerenga ayi. Ndinawapeza atakhala mwaulemu, mapepala m'manja, akuyamba gawo latsopano ngati palibe chachitika. Ndinamulalatira Lameki mpaka eni shopu anabwera kudzasuzumira. Iye sanagwedezeke. Anati ndikutengera zinthu pamtima, sitinkayesa abambo anga koma tinkayesa foni, ndipo buku lomwelo likutero. Atsikana aja anavomereza, ati alimi ambiri athandizika chifukwa cha kanema ameneyo, ndiye ndizinyadira. Asa! Ndinyadire? Ndinawafunsa mmodzimmodzi kuti ngati zili zonyaditsa, bwanji sanabweretse makolo awo. Mkulu wa zikwangwani anangoti nanga ife tikanadziwa bwanji kuti sawerenga, mwana wawo weniweni ndiwe. Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona, ndipo ndimadana naye kwambiri chifukwa cha kunena zoona kwakeko. Ndinawaponyera mafotokope awo kumaso n'kutuluka. Mwezi usanathe ntchito ndinasiya. Lameki anakwezedwa, anabwerera ku Lilongwe kwake kuja, ndipo ndikumva kuti mpaka pano amatchulidwa katswiri womvetsa alimi.

Kumudzi nkhani inafika ine ndisanafike. Pamsonkhano wa kalabu wachiwiri uja anatulutsa pepala n'kuwapempha a tcheyamani kuti awerengere gulu. Abambo analiyang'ana pepalalo, anaimirira, anatula pansi udindo, n'kumapita kwawo. Anthu omwewo amene anawatsogolera zaka zambiri popanda dandaulo anayamba kufunsana kuti kodi ankasayinira chiyani nthawi yonseyi. Pabawo amuna anawapatsa dzina lakuti a Dinani. Akamadutsa wina ankangoti dinani wani, enawo n'kufa nacho chiseko. Kutchalitchi anasiya kunyamula buku la nyimbo, anasamukira kubenchi ya kumbuyo, ndipo kuimba analeka.

Nditafika pakhomo, amayi sanandilandire n'komwe chikwama. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, maso ali psu.

"Ine zaka zonsezi ndakhala ndikumuveka mwamuna wanga, iwe wakamuvula tsiku limodzi pamaso pa boma lonse. Sukulu imene anakulipirira ndi mtedza wake ndi imeneyi?"

Ndinagwada pamaso pa abambo n'kulira, ndikumunena Lameki, ndikunena kamera, ndikunena buku. Anandisiya ndiyankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anayankha motsitsa, osakalipa, ndipo bola akanandimenya.

"Lameki si mwana wanga, alibe nane mangawa. Ine ndinafunsa iwe."

Anaimirira n'kunyamula khasu, ulendo wa kudimba.

Papita zaka tsopano. Sanandithamangitse pakhomo, ayi. Ndikapita amandipatsa moni, amafunsa za ana, amauza amayi kuti andiphere nkhuku. Koma ndi ulemu umene amapatsa mlendo wodutsa. Ndinawapempha kuti ndiziwaphunzitsa kuwerenga tili awiri, popanda wina wodziwa, anangoti zikomo, akula. Ndinawagulira foni, inakhala m'katoni mpaka amayi anaipereka kwa msuweni wanga.

Ndiye inu amene mumakumana m'magulu kuwerenga mabuku a ntchito zanu, werengani ndithu, sindikuletsani. Koma amene analemba lamulo lija sankawadziwa abambo anga, ndipo sakumudziwa munthu amene inu mukufuna kumukhazika pampando. Musanamuitane, muuzeni zoona za chimene akukachita, kuti akane ngati akufuna kukana. Wina akatulutsa kamera n'kunena kuti ndi zophunzirira ife tokha, mukanizeni pomwepo, chifukwa munthu wofuna kutchuka salephera kugulitsa nkhope ya kholo la mnzake. Ndipo chenjerani ndi gulu limene limaombera m'manja munthu wamkulu akutuluka thukuta la manyazi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koposa zonse, munthu wanu akakutembenukirani n'kufunsa, muyankheni, lamulo liphwanyike. Mwezi wathawu ndinali kumudzi. Amayi maso anafooka, sathanso kuona zilembo. Abambo anabwera kuchokera kuchipatala ndi timapaketi ta mankhwala, osadziwa kuti akumwa m'mawa ndi ati, akumwa madzulo ndi ati. Ine ndinali nditakhala pakhonde pomwepo, ndinatambasula dzanja. Anandilambalala ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, n'kupita kukagogoda kwa aneba kuti akawawerengere.