Asilikali a Neville Agwidwa ndi Chisanu

Clive Bagguley wapenta nyumba mu Mansfield kwa zaka makumi anayi, ndipo sanayambe wapepesapo chifukwa cha liwiro lake. Iye amati khoma salinunkhiza, amaliona ali chapatali. Nzeru yomweyi ndi imene anabwera nayo ku kalabu yathu ya Lachinayi, komwe amuna aimvi timamenyanitsa tiasilikali tapulasitiki patebulo, madayisi n'kumagamula amene wafa.

Mnzake Neville Straw anali wamtundu wina. Ankatha sabata yathunthu pa msilikali mmodzi wosaposa chala chaching'ono, mpaka kum'jambula maso ndi mabatani. Mapeto ake, m'bokosi lake la asilikali achifalansa zana ndi makumi awiri, opentedwa anali asanu ndi mmodzi okha. Ndiye mu Ogasiti sitiroko inam'gwira, n'kumusiyira dzanja lamanja lonjenjemera.

Mpikisano wa ku Nottingham, wosewera awiriawiri, unali Loweruka. Lamulo lake silinyengerera: msilikali aliyense akhale ndi penti yamitundu itatu ndiponso pamene waima pakongoletsedwe, apo ayi amachotsedwa patebulo. Awiriwa anali asanajombepo kwa zaka khumi, ndipo Neville anali atalembetsa kale gulu limeneli. Mndandanda ukapita subwezedwa.

Lachitatu Clive anakam'peza atakhala pawindo.

"Pita ndi wina, amwene," anatero Neville. "Ine burashi ikundivina m'manja."

"Bweretsa bokosilo."

"Iweyo? Uwapenta ngati chimbudzi cha padepoti."

"Cha padepoti ndinapenta ndine, mpaka lero chikuwala."

"Ndipo sindingasewere ndi asilikali amene sindinawakhudze. Anthu otero ndakhala ndikuwaseka ine."

Clive ananyamula bokosi n'kutuluka nalo.

M'galaja yake anawamata patimatabwa khumikhumi, n'kuwapopera buluu onse nthawi imodzi. Kenako mathalauza oyera, onse. Nkhope, onse. Mfuti, onse. Za maso musafunse, msilikali wa Clive sanayambe waonapo dzuwa. Lachinayi anawaviika m'chitini cha mankhwala ofiirira opaka matabwa, kuwakutumula, mthunzi n'kulowa wokha m'makwinya a majekete. Ukaima chapatali ankaoneka bwino ndithu, ndipo enafe zimenezi zimatipsetsa mtima.

Lachisanu kunacha ndi chifunga. Aliyense pakalabu amadziwa kuti vanishi sapopera kunja kuli chinyezi, ndipo amene amatilalikira zimenezi ndi Clive yemweyo. Koma kuthamanga sikufika. Anapopera ali pakhomo pa galaja, n'kupita kukamwa tiyi. Pobwera anapeza onse ayera mbuu ngati awazidwa ufa, zipewa, mapewa, ndi mfuti zomwe.

Apa mtima unamuwawa. Penti sinali nkhani, ankaganiza za nkhope ya Neville. Anakhala pandowa kwa kanthawi, maso ali pa zipewa zotuwazo. Kenako anadzuka, anakatenga soda kukhitchini ndi guluu wa matabwa, n'kumuimbira foni Neville.

Neville anatsika takisi ndi ndodo yake, anayang'ana tebulo nthawi yaitali.

"Wandiphera ana," anatero.

"Ana ako ali ku Rasha, ngati asilikali achifalansa akale aja amene anagonja ndi kuzizira, chisanu chawagwira. Chatsala ndi chipale chofewa kumapazi. Khala apa."

"Ndi dzanja ili?"

"Lomwelo. Langali linazolowera kusalaza. Taona." Clive anamuonetsa mmodzi amene anali atayesera, ndipo kunena zoona chipale chake chinali pulasitala weniweni.

"Ha, waikira msilikali simenti," anatero Neville, uku akukoka mpando.

Anaviika burashi yakutha m'phala la soda ndi guluu. Dzanja linanjenjemera monga mwa masiku onse, phalalo n'kugwa mosalongosoka, apa mulu, apa kadontho, pena pansapato, pena m'mphepete mwa jekete. Chipale chenicheni chimagwa choncho. Neville anamutembenuza msilikaliyo kawiri, n'kutenga wachiwiri. Clive ankangomusunthira timatabwa ndi kum'thirira tiyi. Pofika folo koloko onse anali atatha, ndipo Neville anaitanitsa asanu ndi mmodzi ake aja, amaso ndi mabatani, n'kuwamwaza chipale nawonso.

Loweruka woyang'anira mpikisano, mayi wina wamagalasi, anawerama patebulo lawo n'kumanyamula mmodzimmodzi.

"Mitundu itatu ilipo," anatero. "Koma chipalechi ndiye chakongola, bambo. Wapenta ndani?"

Clive anatsegula pakamwa, poti ulemu sanayambe waukanapo chibadwire. Kenako anatseka, n'kuyamba kufunafuna tepi yoyezera mtunda pamasewerawa, imene inali m'manja mwake momwemo.

"Chipale ndi changa," anayankha Neville. "Zinazo musayandikire kwambiri, mayi, alibe maso."

Anatola madayisi ndi dzanja lamanja lija, n'kuwaponya patebulo.