A Fabiano Atenga Makina a Amayi

Moni nonse abale. Ndikulemba ndili ndi mkwiyo.

Lero m'mawa a Fabiano, mwana wa mlongo wawo wa malemu atate, afika ndi ngolo kwa amayi ku Zingalume. Paja kukhoti ku boma tinavomera kuti akhale oyang'anira chuma cha masiye. Iwo akuyesa kuti pepala la kukhoti lija lawasandutsa eni katundu.

Akweza njinga, pulawo, kenako makina osokera aja agogo anabwera nawo kuchokera ku Halale m'ma 1950. Amayi anali pa makinawo, akusoka yunifomu ya mwana wa eni ake. A Fabiano, munthu wamkulu, adula ulusi ndi mano, n'kuponya nsaluyo m'fumbi!

Amayi ati, "A Fabiano, ndidya chiyani ine?"

Iwo ati, "Za malume ndi za mphwake. Inu munangobwera chitengwa."

Zaka zonsezi amayi akudwazika atate, lero angokhala obwera? Kukhoti anatiuza momveka kuti woyang'anira amagawira mkazi wamasiye ndi ana, sadzigawira yekha.

Ine mawa ndikulawirira kukhoti, akawalande pepalalo. Inu mukuti bwanji? Kapena tidikire adzasasule malata amayi ali m'nyumba?