Esinati anafa ndi chimfine, mufune musafune

Lachiwiri ndinakwera minibasi ku Limbe kubwerera kuno ku Boma. Kumbuyo kwanga kunakhala amayi awiri, ndipo tisanapite patali anayamba nkhani ya mphunzitsi wachitsikana wa ku Likoswe amene anamwalira chaka chatha.

"Akuti chimfine," anatero mmodzi. "Inu, chimfine n'kupha munthu wa msinkhu umene uja?"

Mnzakeyo anaseka, n'kunena kuti tonse tikuchidziwa chimene chikumaliza achinyamata masiku ano.

Mphunzitsi ameneyo ndi Esinati, mwana wa mlongo wanga. Nditatembenuka n'kuwauza kuti ndine malume ake, anangoti pepani bambo, ifetu timangomva.

Ndiye imvani kwa amene analipo.

Esinati anali woyamba m'banja mwathu kufika ku koleji. Atamaliza anapempha yekha kuti akaphunzitse kwawo. Anamupatsa Sitandade 2, ana osawerengeka, kalasi yake pansi pa mtengo wa mango. Paja chiyambireni pulayimale yaulere ana anasefukira, koma makalasi anatsala omwe aja.

M'mwezi wa Juni, chiperoni chili m'kati, chimfine choopsa chinalowa m'midzi. Nyumba iliyonse munali wotsokomola. Ana ankabwera kusukulu thupi lili moto, ndipo Esinati ankawapukuta mamina ndi nsonga ya chitenje chake. Posakhalitsa chinamugwira nayenso.

Anakapempha kwa ahedi kuti apumeko. Yankho lawo linali lalifupi: "Chimfine chabe, Madamu. Nanga ana awa tiwasiyira ndani?"

Kumudzi nako nyimbo inali yomweyo. Mwa mandimu, funda bulangeti, mawa udzuka. Choncho m'mawa uliwonse ankavala juzi, n'kufunda chitenje pamwamba, n'kukaima pamphepo kuphunzitsa a e i o u mawu atasasa. Tsiku lina anagwa ana akuona. Anamutengera kuchipatala panjinga, akupuma ngati wathamanga mtunda wautali. Adokotala anati chimfinecho chatsikira m'mapapo, ndipo tachedwa. Lamulungu m'mawa anatisiya.

Taonani mmene tilili anthufe. Munthu akamadwala timati chimfine chabe, dzuka ukagwire ntchito. Akafa timati chimfine sichipha, alipo matenda amene akubisa. Akadakhala kuti anafa ndi matenda amene mukunong'onawo, ndikadanena poyera, chifukwa nawonso si oseketsa. Koma manong'onong'o amenewa ali ndi ntchito yake: amatsuka aliyense. Ahedi alibe mlandu. Amene anasiya ana ndi mphunzitsi wawo pamphepo alibe mlandu. Mlandu wonse timaukankhira m'manda, kwa amene sangayankhe.

Pamaliro akuluakulu a zamaphunziro analankhula bwino kwabasi. Anati dziko lataya nyenyezi. Anadya, anakwera galimoto, anapita. Mpaka lero kalasi ija ikadali pansi pa mtengo.

Mlongo wanga analeka kupita kukwaya ya amayi. Akuti akangolowa, nkhani zimaduka. Nditapita kukamuona dzulo ndinamupeza akusenda chinangwa pakhonde, ndipo sindinamuuze za m'minibasi. Iye ndi amene anandifunsa, maso ali pampeni:

"Achimwene, kodi ndikanamutsekera m'nyumba tsiku lija, akanamuchotsa ntchito?"

Inu amene mumadziwa zonse za imfa za ana a anzanu, yankho muli nalo?