Galimoto ya chipani pa maliro a bambo

Ndinadzuka kusanache, kwaya ya kutchalitchi kwathu ikumaliza nyimbo. Pabwalo panali abale okha, ndi amayi anayi akusonkha moto kuseri kwa nyumba. Mabenchi ambiri analibe munthu.

Bambo anga anakhala phungu komanso wapampando wa chipani ku Ndirande kwa zaka zambiri. Malo ogulitsira mumsika, ntchito kufakitale, poti munthu amangepo nyumba, zonse zinkadzera kwa iwo. Lamulo lina analikhazikitsa okha: kumaliro a munthu wandale sulowa usanaone galimoto ya chipani pakhomo. Chaka chomaliza anasiya kuitanidwa kumisonkhano, ndipo palibe anatiuza chifukwa chake.

Pofika 9 koloko anthu anali atadzaza mumsewu, koma osalowa. Ena ankachita ngati akudikira basi, ena ngati akutsatsa makala. Kunkawaza mvula ya chiperoni. Mayi anandiitanira m'nyumba.

"Onyamula bokosi akwana?"

"Tilipo asanu, mayi."

"Chitunda cha kumanda chija, anthu asanu?"

Cha m'ma 11 galimoto ya chipani inaima pageti. Msewu wonse unakhamukira pabwalo. Azimayi anatulutsa nsalu za chipani m'zikwama n'kuzimanga pamwamba pa zitenje, kulira kunayambika.

M'galimotomo munali dalaivala yekha. Anandikokera pambali.

"Achimwene, pepani. Andituma kudzatenga mabenchi ndi chimkuzamawu. Akuti ndi katundu wa chipani."

"Anthu akhalapo kale pamabenchipo. Mukawadzutsa ndinu?"

Anayang'ana khamulo, kenako pansi.

"Ntchito iyi anandipezera ndi bambo anu. Ndidikira. Koma musandiitane kuti ndilankhule."

Tinanyamuka masana, mvula itakata. Amuna ankalimbirana bokosi, kusinthana mapewa pafupipafupi, moti ine sindinaligwire mpaka kumanda. Mumsika anatseka. Kumanda mkulu wina wa ogulitsa nsomba anathokoza chipani chifukwa chosataya mwana wake. Anthu anavomereza.

Madzulo tinakweza katundu uja m'galimoto, dalaivala anapita. Pakhomo panali zii, pabwalo matope ndi phulusa basi. Mayi anali pamkeka m'chipinda chochezera. Tsiku lonse sindinawauze kalikonse za zimene dalaivala anabwerera.

"Dalaivala uja watenga zonse?" anafunsa.

"Zonse, mayi."

"Ndi benchi ya pakhonde ija?"

"Nayonso."

"Imeneyo anagula bambo ako ndi ndalama zawo." Anakonza duku. "Musiye. Waigwirira ntchito."